Thandizeni abale, tchati cha mantha a umbanda pa IELTS Task 1 chandizunguza mutu

Mnyamata_wa_ku_Domwe

Moni nonse. Ndine watsopano pano ndiye mundikhululukire ngati funso langa linafunsidwapo kale. Ndinamaliza za ulimi ku yunivesite ya UniZambeze kuno ku Ulongwe, pano ndikufuna kuyesako mwayi wa masikolashipu a kunja koma khomo lililonse lomwe ndagogoda akufuna IELTS, mayeso a chingerezi aja, ena akuti mamakisi osachepera 6.5. Ndakhala ndikukonzekera ndekha usiku ndikaweruka kumunda kwa amalume, tikulima kachewere, mabuku enieni ndilibe ndili ndi mapepala ojambulitsa omwe mnzanga wina anandibweretsera kuchokera ku Lilongwe ndi foni basi, mamega akatha ndiye kuti sukulu yatsekanso kkkk.

Kuwerenga ndi kumvetsera ndikumayesetsako, koma kulemba Task 1, funso loyamba la gawo la kulemba lomwe umafotokoza tchati, kwandikwana. Dzulo ndinapeza tchati cha timizati tija amati bar chart, chikusonyeza anthu a ku England ndi Wales amene ananena kuti ali ndi nkhawa kwambiri ndi umbanda wa mitundu itatu, burglary, car crime ndi violent crime. Amuna ali ndi mtundu wawo akazinso wawo, ndipo pali zaka ziwiri, zonse zakale. Chithunzi chikukana kukwera, netiweki ya kuno mukuidziwa, ndiye ndingofotokoza. Mzati wautali kuposa yonse ndi wa akazi pa violent crime, wa amuna pa nkhani yomweyo ndi wamfupi sukufika ngakhale theka la wa akazi. Pa car crime amuna ndi akazi ali pafupifupi mofanana. M'chaka chachiwiricho mizati yonse yatsika koma ya burglary ndi imene yatsika kwambiri.

Ndiye ine ndinayamba chonchi, musaseke kwambiri chonde:

"The chart shows the crimes in England and Wales. Actually the violent crime is the biggest crime and the women suffer more assaults than the men because thieves know that women cannot fight. The people is afraid because the police does not arrive fast. In my village also they robbed my motorbike in the night, so I understand this problem. The government must put more lights in the streets."

Kenako ndinalemba manambala onse mzati ndi mzati mpaka anatha, zinanditengera mphindi 40 ndipo ndinadzimva kuti lero ndalemba chizungu. Ndinatumizira msuweni wanga amene amaphunzitsa chingerezi ku sekondale, wangondiyankha mawu ochepa kuti "wayankha funso lomwe sanakufunse", basi mpaka pano wangoti zii. Za mota yobedwayo ndi zoona, inapita chaka chatha mwezi wa June kukuzizira, ndinaisiya pakhonde nditaimanga tcheni, m'mawa ndinangopeza loko ali pansi, nde ndinkaona ngati chitsanzo cha moyo weniweni chikometsa nkhani ngati mmene tinkachitira pa redasau, chimangirizo cha chipwitikizi ku sukulu.

Ndalakwa pati kwenikweni? Kodi manambala onse ayenera kulowa? Nanga conclusion ikufunika? Ndathokozeratu.

Aphunzitsi_Jere

Achimwene, poyamba pepani ndi mota, ndi chuma chimenecho masiku ano. Koma msuweni wanu wanena zoona, wangouma pakamwa chabe.

Cholakwa chachikulu chili pa chiganizo chanu choyamba penipeni, ndipo zina zonse zabadwira pomwepo. Mwalemba kuti tchati chikusonyeza umbanda wa ku England ndi Wales. Ayi sichikusonyeza umbanda. Chikusonyeza mantha. Anthu anafunsidwa kuti kodi mukuda nkhawa bwanji kuti akuthyolerani nyumba, akuberani galimoto, akuchitani chiwembu, ndiye mizatiyo ndi kuchuluka kwa amene anayankha kuti tikuda nkhawa kwambiri. Palibe paliponse pa pepalalo pomwe akuuzani kuti nyumba zingati zinathyoledwa kapena akazi angati anamenyedwa. Ndiye mukalemba kuti women suffer more assaults mwanamizira tchati, ndipo wochonga saona ngati mwalakwitsa mawu chabe, aona kuti simunachimvetse chinthucho.

Ndikupatseni chitsanzo cha konkuno. Kukamveka mphekesera mu bairo kuti anyamata a zikwanje afika, amayi onse amatseka zitseko dzuwa lisanalowe, ana sapitanso kukaonera mpira kwa aneba, mutati muzungulire nyumba ndi nyumba kufunsa kuti mukuopa, aliyense akuuzani kuti eya. Koma mwina sabata yonseyo sipanabedwe ngakhale nkhuku. Mwezi wina anthu akugona mtima uli m'malo ndi pomwe mota yanu inapita. Mantha ali ndi muyezo wake, kuba kulinso ndi wake. Inu mwapatsidwa muyezo wa mantha, lembani za mantha, mawu anu akhale monga worried about, concerned about, fear of, the proportion of women who said they were very worried. Mawu aja oti said kapena reported musawaiwale, amakumbutsa kuti izi ndi zomwe anthu anayankha.

Chachiwiri, chotsani because yense. Mu Task 1 sakufunsani chifukwa. Malangizo ake amakhala amodzimodzi nthawi zonse, kuti munene mwachidule zomwe zili pamenepo, musankhe zikuluzikulu, mufananize pomwe pakufunika, mawu osachepera 150. Zoti akuba amadziwa kuti akazi sangalimbane nawo mwazitenga m'mutu mwanu, zoti apolisi amachedwa mwazitenga m'mudzi mwanu, zoti boma liike magetsi m'misewu ndi maganizo abwino koma asungireni Task 2, kumeneko ndi komwe amafuna kumva mtima wanu. Ine ana anga ndimawauza kuti pa Task 1 udziyese mboni pa bwalo la amfumu. Nena zomwe unaona ndi maso ako basi, ukangoyamba kuti ine ndikuganiza kuti anaba chifukwa cha njala, nduna zikukhazika pansi.

Ndikudziwa chimene chimativuta ife a kuno. Ku sukulu anatizoloweza kuti redasau yabwino imayamba patali, imakometsa, imatha ndi langizo, ndipo pa Chichewa pathu munthu sungangotchula za kuba osanenapo kuti zachisoni. Ndiye munthu ukangolemba mouma umamva ngati sunalembe kanthu. Koma mayesowa akufuna zoumazo.

Chinanso chomwe mulibe ndi overview, ndipo ichi ndiye chimagwetsa anthu ambiri amene chizungu chawo chili bwinobwino. Overview ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena chithunzi chonse popanda kuwerenga manambala, ngati munthu waima pa phiri la Domwe akuona minda yonse pamodzi osati phando ndi phando. Chodabwitsa n'choti inu mwailemba kale overview yabwino kwambiri, koma mwailemba m'Chichewa pa funso lanu lomweli kkk. Mwati mzati wautali ndi wa akazi pa violent crime, pa magalimoto amuna ndi akazi ndi ofanana, ndipo chaka chachiwiri zonse zatsika makamaka burglary. Basitu ndi imeneyo. Itembenuzeni, muiike pambuyo pa chiganizo choyamba. Mukakhala ndi overview conclusion siifunikanso, ena amaiika kumapeto ndi kuitcha conclusion, palibe vuto bola ikhale chidule cha tchati osati ulaliki.

Za manambala, ayi musalembe onse. Sankhani lalikulu, laling'ono, pomwe pali kusiyana kwakukulu ndi pomwe pali kufanana. Ndime imodzi ya violent crime pomwe amuna ndi akazi atalikirana, ina ya burglary ndi car crime. Zakwana.

Wa_Malasha_Moatize

Kkkkkk amwene mpaka kukadandaulira azungu a Cambridge za mota yanu, mumati akutumizirani ina? Pepani ndaseka koma inenso zinandionekerapo, foni anandilanda pa siteji ya chapa dzuwa likuswa mtengo, ndinangomva mphepo m'thumba.

Koma ine ndingakulangizeni njira yachidule. Pa YouTube ndi m'magulu a WhatsApp muli matempuleti ambirimbiri, mumangoloweza ndime yonse n'kumasintha mayina ndi manambala, mnzanga wina wa kuntchito anachita choncho. Bwanji kuvutika kuganiza pa mphindi 20 zokha zomwe amalangiza pa Task 1?

Nabanda_wa_ku_Zobwe

Achimwene a ku Domwe, zomwe anena aphunzitsi gwiritsitsani. Ine ndinalemba mayesowa kawiri, koyamba writing inandigwetsa pomwe zina zonse zinali bho, ndiye ndikuuzeni tizinthu tomwe timatikola ifeyo amene tinaphunzira m'chipwitikizi, chifukwa ndikuona tonse tili mu kandime kanu kakang'onoko.

Actually. Mukuganiza atualmente eti? Inenso ndinkatero zaka zambiri. Actually satanthauza "pakadali pano", amatanthauza ngati "kunena zoona" kapena "kwenikweni". Mawu a pakadali pano ndi currently, koma pa tchati chanu ngakhale currently sakufunika chifukwa zaka zonse ziwiri ndi zakale, ndiye zonse zilembedwe mu past tense, were worried, fell, remained. Chiganizo choyamba chokha ndi chomwe chimakhala the chart shows chifukwa tchaticho chikadali pamaso panu.

Assault nayenso ndi msampha. Kwathu kuno tikati asalto timaganiza za anthu olowa ndi zikwanje kapena mfuti kudzalanda katundu, koma assault pa chizungu ndi kumenya kapena kuukira munthu, kaya walandidwa kanthu kaya ayi. Ndipo apa ndi pomwe Chichewa chathunso chimatipusitsa, ife timangoti kuba, wakuba, andibera, zonse mawu amodzi, pomwe azungu anazigawa ngati nyama ya pa ukwati. Burglary ndi kuthyola nyumba kapena sitolo n'kulowa kukaba. Robbery ndi kulanda munthu moopseza kapena mwa mphamvu. Mugging ndi kulanda komweko koma panjira. Theft ndi kuba wamba mwini wake asakuona. Ndiye mota yanu sanai-rob, they stole it. Amachita rob munthu kapena banki, amachita steal chinthu. Ndikunena izi chifukwa anthu ambiri pofuna kusabwereza mawu amasintha burglary kukhala robbery poganiza kuti ndi chimodzimodzi, apo mwasintha tchati. Ngati mulibe mawu ena otsimikizika bwerezani burglary yemweyo, kapena break-ins, kubwereza kuli bwino kusiyana ndi kunama.

The people is, iyi ndi o povo está kapena a gente está yavala jekete la chizungu. People are. Police nawonso ndi are, the police do not. Komanso ma the mwawawaza ngati feteleza, the women, the men, the violent crime, chipwitikizi chimafuna as mulheres, os homens, koma chizungu ukamanena za gulu lonse umangoti women, men, violent crime.

China chomwe palibe anandiuza mpaka nditagwa ndi koma wa manambala. Ife timalemba 12,5 iwo amalemba 12.5, ndipo koma kwa iwo ndi wa masauzande, 1,500. Dzanja limangolemba lokha mmene linazolowera kuyambira ku pulaimale ndiye muziyang'ana pomaliza. Komanso samalani ndi mawu a kukwera ndi kutsika. Tingoyerekeza, chinthu chatsika kuchoka pa 20% kufika pa 10%, sichinatsike ndi 10 percent, chatsika ndi 10 percentage points, kapena mungoti it halved, chatsika ndi theka. Ndipo fell by ndi fell to ndi zosiyana, by ndi kuchuluka kwa zomwe zachoka, to ndi pomwe chafika. Kachilembo kamodzi kameneko kamasintha nambala yonse.

Koma chomwe chandiopsa kwambiri ndi mphindi 40 zanuzo. Writing yonse ndi ola limodzi, Task 1 ndi Task 2 pamodzi, palibe amene adzakuuzeni kuti siyani iyi yambani inayo. Task 2 ndi mawu osachepera 250 ndipo imalemera kawiri kuposa Task 1 pa mamakisi. Ulendo woyamba ine ndinakomedwa ndi tchati, ndikukongoletsa, ndikufufuta, ndikuwerenga mawu limodzilimodzi ndi nsonga ya pensulo, pomwe ndimadzutsa mutu nthawi yatsala yochepa ndipo essay sindinaiyambe, ndinalemba manja akunjenjemera ndime yomaliza sinathe n'komwe. Ndalama ya mayeso, ya thiransipoti, ya kogona, zonse zinapita chifukwa cha tchati. Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi Task 2, amalola, ndipo kunyumba ndinkayeserera ndi alamu ya foni, ikalira pa mphindi 20 ndikusiya ngakhale pakati pa chiganizo. Mawu 160 mpaka 190 akwana, opitirira apo mukungodziwonjezera malo olakwitsa.

Aphunzitsi_Jere

Mayi Nabanda mwagwira ntchito yanga yonse, za koma wa manambala ngakhale ine ndimaiwala kuwauza ana.

A ku Moatize, pa matempuleti ndikutsutsaniko pang'ono. Kuloweza kaimidwe ka nkhani, kuti poyamba chiganizo chofotokoza tchati, kenako overview, kenako ndime ziwiri, palibe cholakwika ndipo aliyense azitero. Kusunga m'mutu timawu monga overall, by contrast, roughly twice as many, nakonso kuli bwino. Koma kuloweza ndime yathunthu ndi kumene kumapweteketsa, ochonga aja amawerenga mapepala ambirimbiri ndipo zoloweza amazizindikira msanga ngati mmene mayi amadziwira kuti ndiwo izi zagona. Komanso taonani nkhani ya achimwenewa, tempuleti iti ikanawauza kuti tchatichi ndi cha mantha osati cha umbanda? Ikanangowapatsa chizungu chosalala chonenera zabodza. Amachonga zinthu zinayi ndipo chilichonse chili ndi gawo lofanana, kuyankha zomwe wafunsidwa, kulumikizana kwa nkhani, kuchuluka ndi kulondola kwa mawu, ndi galamala. Tempuleti mwina ingakuthandizeko pa chachiwiri chokha. Ndipo Cambridge siili yokha, mayesowa ndi a British Council, IDP ndi Cambridge pamodzi, ndiye dandaulo la mota likanayenera kupita kwa onse atatu kkk.

Tiyamike_Furancungo

Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi yandikoka chifukwa ndinakhalako ku UK chaka chimodzi pa maphunziro, Mozambique ili mu Commonwealth kuyambira 1995 ndiye makomo ena amatitsegukira ngakhale sitinalamulidwe ndi Angelezi, achimwene musataye mtima.

Matchati a mtundu umenewu nthawi zambiri amachokera ku kafukufuku wamkulu wa boma kumeneko. Anayamba mu 1982 akutchedwa British Crime Survey, mu 2012 anasintha dzina kukhala Crime Survey for England and Wales. Amafunsa anthu m'makomo mwawo zinthu ziwiri zosiyana, kuti kodi chinakuchitikiranipo chiyani m'miyezi 12 yapitayi, kaya munakanena kupolisi kaya simunakanene, komanso kuti mukuda nkhawa bwanji. Anayamba kutero chifukwa mabuku apolisi sanena zonse, anthu ambiri akaberedwa sapita kukanena, ngati kwathu konkuno munthu akakuba mbuzi umayamba wapita kwa amfumu kapena kungozisiya. Ndipo zomwe akhala akupeza zikugwirizana ndi za aphunzitsi, mantha ndi zochitika siziyendera limodzi nthawi zonse. Akazi ndi amene amanena kwambiri kuti akuopa chiwembu, pomwe amene amamenyedwa kwambiri ndi anthu osawadziwa panjira ndi anyamata achichepere. Komanso kuyambira cha pakati pa zaka za m'ma 1990 kuthyola nyumba ndi kuba magalimoto kunatsika kwambiri kumeneko kwa zaka zambiri, koma anthu ochuluka akafunsidwa ankayankhabe kuti umbanda m'dziko ukukwera.

Koma apa ndisiyaneko pang'ono ndi chitsanzo cha aphunzitsi cha mphekesera, chingapangitse munthu kuganiza kuti mantha a akaziwo ndi opanda pake. Ine monga mkazi ndikuti ayi. Pali nkhanza za m'nyumba ndi kugwiriridwa zomwe ambiri sazinena kwa wina aliyense, komanso mkazi amene amaopa sayenda usiku, ndiye mwina sanachitidwe chiwembu chifukwa choti mantha omwewo anamusunga pakhomo. Komanso amuna ambiri akafunsidwa ndi mlendo kuti mukuopa, sangavomere, angoti ine ayi pomwe usiku galu akauwa ndi iwo oyamba kugwira chibonga. Ndiye mzati wa amuna wamfupiwo ineyo ndimauyang'ana ndi diso limodzi.

Kuno kwathunso mafunso oterewa amafunsidwa, a Afrobarometer amazungulira m'maiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo Mozambique ndi Malawi, amafunsa kuti ndi kangati munadzimva osatetezeka poyenda m'dera lanu kapena kuopa umbanda muli m'nyumba mwanu momwe.

Tsono achimwene, zonse ndalembazi ndi za kucheza kwathu pano, pa pepala la mayeso musaikepo ngakhale chimodzi. Ngakhale mutadziwa kuti tchati chachokera kuti ndipo chifukwa chake n'chiyani, wochonga sakufuna kudziwa. Ndikuvomereza kuti zimawawa, munthu ukudziwa nkhani yonse koma akuti ungonena kutalika kwa mizati.

Aphunzitsi_Jere

Mayi Tiyamike ndavomera, chitsanzo changa chinapendekera mbali imodzi. Sindimati amayi amaopa zopanda pake, akazi anga atawerenga izi nsima ya lero sindidya. Ndimangofuna achimwenewa aone kuti miyezo ndi iwiri.

Mnyamata_wa_ku_Domwe

Eee abale ndathokoza kwambiri, ndawerenga katatu ndipo ndakopera zonse mu kope. Za actually zandichititsa manyazi chifukwa ndakhala ndikumulemba m'makalata onse ofunsira sikolashipu, kaya amaganiza chiyani anthu aja. Za rob ndi steal sindinkadziwa n'komwe.

Ndayeseranso usiku uno ndi alamu monga ananenera achemwali a ku Zobwe, inalira ndili pa ndime yomaliza koma ndinatsala ndi chiganizo chimodzi chokha. Poyambira pake pali chonchi tsopano:

"The bar chart compares the percentage of men and women in England and Wales who said they were very worried about three types of crime in two different years. Overall, women were much more worried about violent crime than men, while the levels of concern about car crime were similar for both sex. Fear of all three crimes reduced over the period, and the biggest fall was in burglary."

Mota sinalowemo, magetsi a m'misewu sanalowemo, because ndamuchotsa ngakhale dzanja limayabwa. Zonse pamodzi mawu 172, ndawerenga. Koma ndikumva ngati ndalemba zouma kwambiri ngati lipoti la ku esikwadra ya apolisi, ndi momwemo?

Funso lina kwa achemwali a Nabanda, munakalembera kuti? Ine ndikuganiza za Lilongwe chifukwa kuchoka kuno kudutsa pa Calomue kulowa Dedza ndi pafupi, Maputo ndi kutali kwambiri thiransipoti yokha ingandimalize.

Aphunzitsi_Jere

Ndi momwemo ndithu, lipoti la ku esikwadra ndi lomwe akufuna. Apa tsopano mwayamba kulemba Task 1. Chiganizo choyamba chili bwino kwambiri, who said they were very worried, mwagwira pomwe pamafunika.

Tikonze tiwiri. Both sex ikhale both sexes. Ndipo reduced pamenepo sakukhala bwino, reduce nthawi zambiri amafuna wina wochepetsa chinthucho, monga boma lachepetsa mtengo, koma chinthu chikatsika chokha timati fell, declined kapena decreased. Kenako taonani mathero anu, the biggest fall was in burglary, mwabwereranso kuja osazindikira kkk, chomwe chatsika si burglary, ndi nkhawa ya burglary. Lembani kuti the biggest fall was in concern about burglary. Ndi msampha womwe uja, umabweranso munthu ukatopa, ndiye pomaliza muzisiya mphindi ziwiri zongoyang'ana paliponse pomwe mwatchula dzina la umbanda kuti kodi pafupi pake pali worry, fear kapena concern.

M'malo mwa two different years lembani zaka zenizenizo mmene zilili pa tchati. Tumizani ndime ziwiri zotsalazo tione mmene mwasankhira manambala.

Nabanda_wa_ku_Zobwe

Ku Lilongwe konko achimwene, maulendo onse awiri. Chachikulu pasipoti ikhale yosatha ntchito ndipo yomwe mwalembetsera ndi yomweyo mupite nayo tsiku la mayeso, musadalire BI, chiphaso chathu cha unzika, kapena kapepala kodutsira pa boda. Muonenso bwino kuti mukulembetsa Academic osati General Training, chifukwa ku General Task 1 ndi kalata osati tchati ndipo mayunivesite amafuna Academic. Zotsatira zimagwira ntchito zaka 2 ndiye musathamangire kulemba ngati sikolashipu mukufunsira chaka cha mawa chinacho. Ngati mudzalembere pa kompyuta yambani kuzolowera kiyibodi ya chizungu, zilembo zina ndi zizindikiro sizikhala pomwe zimakhala pa ya chipwitikizi. Pitani dzulo lake mukagone konko, za kudzuka 3 koloko kudikira chapa idzaze ndiye mukafike mutu uli wa fumbi ayi. Makwacha musinthiretu okwanira minibasi ya ku Dedza.

Wa_Malasha_Moatize

Chabwino ndagonja za matempuleti. Koma amwene mukamapita ku Lilongweko njinga yomwe mwatsala nayo mukaisiye m'nyumba osati pakhonde.